Za kalabu ya Franco ndi mabala akale a ku Kinshasa

Mmodzi mwa inu owerenga wanditumizira imelo, akuti malume ake anakhalako ku Kinshasa kale pa nkhani za ntchito ndipo mpaka lero sasiya kukamba za malo ena otchedwa Un-Deux-Trois, ndiye akufunsa kuti kodi ndi zoona kuti malowo mwini wake anali Franco Luambo Makiadi woyimba uja, komanso atati apite ku Kinshasa panopa angakapezeko chani pa mabala amene malumewo amawatama. Achimwene mwafunsa bwino, ndipo mundilole ndiyankhe motalikitsa chifukwa ambirife rumba timangoidziwira pa kaseti ndi pa wailesi, malo amene inkaphikidwirako sitiwadziwa.

Eya, ndi zoona. Un-Deux-Trois inali ya Franco ndipo inatsegulidwa mu 1974, chaka chomwe chija Muhammad Ali anagwetsa George Foreman mumzinda womwewo pa 30 October. Koma kuti mumvetse chifukwa chimene munthu woyimba gitala anafunira kukhala ndi kalabu yakeyake tiyambire kumbuyo pang'ono, nthawi imene mzindawu unkatchedwa Léopoldville pansi pa ulamuliro wa Belgium. Azungu anali ndi mbali yawo, anthu akuda anali ndi yawo, ndipo usiku munthu wakuda samayenda mwachisawawa kumbali ya azungu kuja. Ndiye chisangalalo chonse chinali m'makomboni, ndipo mabala ambiri a nthawi imeneyo sanali nyumba zotseka ngati makalabu a masiku ano ayi, anali bwalo lotchingidwa ndi mpanda, pakati simenti yovinirapo, m'mbali matebulo ndi mipando, mowa wa Primus pa tebulo, pamwamba pali poyera. Amayi a m'tauni anali ndi magulu awo othandizana otchedwa moziki, amabwera atavala nsalu zofanana, ndipo bandi imene yakondedwa ndi gulu la amayi otero ndiye kuti bala idzaza basi, azibambo amangotsatira okha.

Vuto linali pa zida. Anyamata oyimba analibe ndalama zogulira magitala, ma amplifaya ndi malipenga, zonsezi zinali za eni masitudiyo, ambiri mwa iwo amalonda achigiriki ngati a Ngoma ndi a Loningisa, kapena za eni mabala. Franco anabadwa mu 1938 ku Sona Bata ndipo anayamba kujambula ku Loningisa ali kamnyamata ka zaka 15, ndipo bandi imene anayambitsa ndi anzake mu June 1956 inatenga dzina kuchokera ku bala imene inkaimbiramo, OK Bar, n'chifukwa chake OK Jazz. Tangoganizani, bandi yaikulu chonchija dzina lake linachokera pa chikwangwani cha bala ya munthu wina. Munthu amene wakulira m'moyo wotero amadziwa kuti mwini malo ndi amene amatenga ndalama za pakhomo ndi za mowa, iwe woyimba thukuta lako umangolandira zotsala, ndipo mukayambana mawa zida wakulanda. Ineyo ndimaona kuti apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse ya Un-Deux-Trois. Franco sanamange kalabu kuti adzionetse, anamanga kuti asadzapemphenso malo kwa wina aliyense.

Ndipo inali nyumba yosanja ya maofesi ndi malo ovinira pamodzi, osati kabala ka pangodya. TPOK Jazz, dzina limene OK Jazz ija inadzatenga pambuyo pake, pa nthawi imeneyo inali ndi anthu opitirira 30, oyimba pakamwa, a magitala, a malipenga, a ng'oma, onsewa ofuna malipiro, ndipo kalabu ndi imene inkathandiza kuti gulu lalikulu chonchi lisabalalike. Chinanso chimene akuluakulu a ku Kinshasa amakumbukira n'choti nyimbo yatsopano umayamba kuimva kumeneko isanafike pa chimbale. Bandi imayamba mochedwa usiku n'kuimba mpaka m'bandakucha, nyimbo imodzi kutenga mphindi 15 kapena kupitirira, kuyamba pang'onopang'ono anthu akumvetsera mawu kenako sebene, gawo lija lothamanga la magitala lovinira, ikagwa aliyense pabwalo. Ndipo anthu samangopitira kuvina, amapitanso kukamva kuti lero Franco anyoza ndani, chifukwa mkuluyu amaimba za m'mabanja, za amuna odyera akazi ndalama, za mabwana akuba, za miseche ya m'tauni, mophiphiritsa koma aliyense pa tebulo amadziwa kuti mwala wagenda uku. Pa siteji pamakhala anthu ngati Simaro Lutumba amene anali wachiwiri wake komanso mlembi wa nyimbo zozama kwambiri za gululi, Josky Kiambukuta, Ntesa Dalienst, Ndombe Opetum, kenako Madilu System. Mayina amenewa onse pamalo amodzi usiku umodzi, malume anu akamatama musawatsutse.

Pali mbali ina imene okonda Franco safuna kuikamba koma ine sindiibisa. Kalabu ija inakula pa nthawi imene Franco anali pafupi kwambiri ndi Mobutu, pulezidenti wa dzikolo limene pa nthawiyo linkatchedwa Zaire. Mu 1973 boma linayamba kulanda mabizinesi a alendo n'kumapatsa nzika za Zaire, makamaka zokondedwa ndi boma, ndipo Franco anapatsidwa Mazadis, fakitale yodinda zimbale, komanso anali mtsogoleri wa bungwe la oyimba la UMUZA. Ndiye munthu mmodzi ali ndi bandi, kalabu, fakitale ya zimbale ndi mpando wa bungwe, oyimba anzake ang'onoang'ono sakanasangalala nazo zimenezo ndipo ena amadandaula ndithu. Anaimbira Mobutu nyimbo za kampeni, izi n'zodziwika. Koma ubwenzi ndi wolamulira ulibe chitsimikizo, mu 1978 Franco yemweyo anatsekeredwa ku ndende ya Makala pamodzi ndi ena a bandi yake chifukwa cha nyimbo ziwiri zimene boma linati n'zolaula, ndipo amene anayendetsa mlanduwo anali Kengo wa Dondo amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu. Anatuluka patapita nthawi yochepa, koma kuyambira pamenepo anayamba kukhala nthawi yaitali kunja, makamaka ku Brussels.

Un-Deux-Trois sinali yokha. Ku Matonge, dera lina la mu Kinshasa, kunali Vis-à-Vis imene mabandi ambiri anadutsamo, Tabu Ley Rochereau mdani wa Franco wa pa mpikisano anali ndi yake yotchedwa Type K, ndipo Verckys Kiamuangana amene ankaliza sakisofoni mu OK Jazz n'kuchokamo mu 1969 anadzamanga Vévé Centre, kumene kunali situdiyo ndipo achinyamata ambiri anapeza zida ndi mwayi wojambula kudzera mwa iyeyo. Mukuona kuti onse atatu anaganiza zofanana, kukhala ndi malo akoako. Achinyamata a nthawi imeneyo nawo anali ndi kwawo, amatsatira Zaiko Langa Langa imene inayamba mu December 1969 popanda malipenga, magitala okhaokha ndi ng'oma, kenako Viva La Musica ya Papa Wemba kuyambira 1977 ndi mudzi wake wa Molokai ku Matonge konko. Kwa Franco kumapita kwambiri anthu okhwima, a maudindo, amalonda, azimayi a bizinesi, anthu oti akhoza kukhala pa tebulo usiku wonse akuitanitsa.



Nanga zinatha bwanji? Sizinathe tsiku limodzi. Mtengo wa kopa umene chuma cha Zaire chinkadalira unagwa cha m'ma 1975, ndalama inayamba kuchepa mphamvu chaka ndi chaka, munthu amene ankagula mabotolo khumi anayamba kugula awiri, masitudiyo a mumzinda anatha ntchito ndipo oyimba anayamba kukajambulira ku Brussels, Paris ndi Abidjan. M'zaka za m'ma 1980 TPOK Jazz inali ngati mabandi awiri, ena ali ku Ulaya ndi Franco, ena atsala ku Kinshasa ndi Simaro kusunga malo. Kenako Franco anadwala n'kumwalira ku Belgium pa 12 October 1989 ali ndi zaka 51, Mobutu analamula masiku anayi a maliro a dziko lonse ndipo anaikidwa ku manda a Gombe. Zitatero asilikali osalipidwa anasakaza mzinda mu September 1991 ndi mu January 1993, mashopu ndi mafakitale kuphwasulidwa, ndipo usiku wa Kinshasa sunabwererenso mwakale. Simaro anayesetsa kugwira gululo kwa zaka zingapo koma atasemphana ndi a kubanja la Franco pa nkhani ya ndalama iye ndi anzake ambiri anachoka n'kuyambitsa Bana OK kumayambiriro kwa 1994. Kalabu imene inaima pa munthu mmodzi ndi bandi imodzi, onse awiri atachoka inalibenso choimirira. Ndipo m'zaka zomwezo malo ambiri ovinira mu Kinshasa anasanduka matchalitchi a chipentekoste, chifukwa ndi amene anali ndi khamu komanso ndalama za lendi.

Ndiye mukapita lero musakayembekeze kukagula tikiti pakhomo la Un-Deux-Trois ngati mmene ankachitira malume anu. Pitani ku Matonge, pa mphambano ya Victoire paja pali chipilala cha Franco atanyamula gitala, ndipo msewu umene kale unkatchedwa Bokassa pano ndi Avenue Luambo Makiadi. Madzulo ku Matonge ndi ku Bandal timabala ta m'mbali mwa msewu tija amati nganda timadzazabe, masipika ali pokwera, ndipo mukakhala pafupi ndi bambo wa imvi n'kutchula Un-Deux-Trois mudzamva zambiri kuposa zimene ndalemba pano, kungoti mukhale ndi wina wodziwa Lingala kapena French. Rumba ya ku Congo inalowa pa mndandanda wa chikhalidwe wa UNESCO mu December 2021, koma nyumba zimene inakuliramo palibe anazisamala mofanana, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Pempho langa kwa inu achimwene, poti malume anu alipo, khalani nawo pansi muwajambule pa foni akufotokoza. Muwafunse kuti pakhomo amalipira zingati, amavala chani, amabwerera bwanji kunyumba m'mawa, komanso amene ankaimba pa maiki usiku umenewo anali ndani. Akati Sam Mangwana ndiye kuti anafikako kalabu itangotsegulidwa kumene, akati Madilu ndiye kuti ndi m'ma 1980. Mukatero munditumizirenso imelo, ndidzaziika pano kuti ena awerenge.