Achimwene, musathamangire kugulitsa injini ya bambo anu kwa a sikirapu

Pali imelo ina imene yandisowetsa mtendere sabata ino. Wolemba wake akuti ali cha ku Kasungu, bambo ake anamwalira n'kusiya jenereta yakale ya injini ya Detroit Diesel 4-71 imene inkagwira ntchito pa esiteti yawo ya fodya, yakhala osalira zaka zingapo, ndiye makaniko amene anamuitana wangoizungulira kamodzi n'kunena kuti iyi ndi yakufa, oyilo ali paliponse, ikanipo ina kapena itanani anyamata ogula zitsulo. Funso lake ndi loti akonze, asinthe kapena agulitse.

Achimwene, pepani za maliro poyamba. Koma mawu akuti "ogula zitsulo" aja andilasa pamtima chifukwa ineyo ndinachitapo zimenezo ndi manja angawa ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadziluma chala. Ndifika pa funso lanu, mundipirire kaye.

Ine Detroit ndinakumana nayo ndili mwana wa sipanala pa galaja ina cha ku Limbe. Kunabwera lole ya anthu okumba mijigo, kumbuyo kwake kuli kompulesa yoyendetsedwa ndi injini ya Detroit 6-71, yobiriwira koma utoto wake osaonekanso ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi. Eni ake anati yakhala chaka chonse pa yadi. Amene ankatiphunzitsa ntchito anali madala ena ake amene anakhalapo ku Theba, osalankhulalankhula, ndudu pakamwa tsiku lonse, ndiye tsiku limenelo anati mundidikire ndikagule kaye mabawuti, musaigwire. Ife unyamata. Mnzanga anati aise tingoyesa kamodzi timve kulira kwake, tinalumikiza mabatire awiri, ine ndi amene ndinakhudzitsa waya pa sitata.

Inazungulira katatu kanayi, n'kutsokomola, kenako inadzuka. Koma kudzuka kwake sikunali kwa injini yoti yangolira, inangokwera, kukwera, kukwera osaima, phokoso lake ngati ndege ikunyamuka pa Chileka, utsi galaja yonse mbuu. Ndinakoka chozimitsira, palibe. Mnzanga anachotsa waya wa batire ngati kuti dizilo imasamala za batire kkkk. Ine mantha, ndinavula jekete ya ovolosi n'kuiponya pa kamwa yokokera mpweya, poti fyuluta tinali titachotsa, jeketeyo inangomezedwa ndikuona, zidutswa zake tinakazipeza mawa lake mkati. Anthu a m'magalaja oyandikana ali kuthawa. Madala aja anatulukira akuthamanga, munthu woti sindinamuonepo akuthamanga, anatola thabwa lomwe tinkagonera pansi pa magalimoto n'kulikanikiza pa kamwa paja ndi thupi lawo lonse. Inabanika, n'kuzima. Kunangoti zii. Sanandimenye, bola akanandimenya. Anangoyatsa ndudu ina n'kunena kuti "mwana iwe, safunsa anadya phula," basi, ndiye anandiuza kuti ndimasule kava ya pamwamba ndione ndekha chimene ndachita.

Chimene ndinaona ndi chimene ndikufuna inu mumve bwinobwino musanayerekeze kuliza ya bambo anuyo. Injini imeneyi ilibe pampu ya ma injekita ngati imene mumaona pambali pa Perkins ya thirakitala kapena pa Isuzu. Silinda iliyonse ili ndi injekita yakeyake imene ndi pampu yomweyo, imakanikizidwa ndi kamkono kachitsulo kotchedwa rokala, ndipo m'mbali mwake muli kachitsulo ka mano kolowa ndi kutuluka komwe amati raki. Maraki onse amagwidwa ndi chubu chimodzi chochokera ku gavana, chipangizo choyang'anira liwiro la injini. Injini ikakhalitsa, dizilo amauma mkati mwa injekita n'kumata, ndiye pa zakalezi injekita imodzi yokha ikamatirira pa mafuta ambiri imagwira anzake onse pomwepo, gavana kukoka osatheka. Ndi zomwe zinatichitikira ife. Palinso njira ina yoopsa kuposa imeneyi, masilu a bulowa, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, akatha injini imayamba kumwa oyilo wake womwe ngati mafuta, pamenepo olo mutadula paipi ya dizilo siima, mpaka mutaitseka mpweya kapena iphulike yokha. N'chifukwa chake zambiri zili ndi kachitseko kadzidzidzi pokokera mpweya. Pa ija ya ku Limbe wina anali atakachotsa kalekale.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuikonda, sindikudziwa kuti mutu wanga unayenda bwanji. Madala aja anandiphunzitsa kuti iyi si injini wamba. Zinazi pisitoni imayenda maulendo anayi kuti iphulitse kamodzi, iyi maulendo awiri basi, nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba kwaphulika. Ilibe ma valavu olowetsa mpweya, m'malo mwake silivu, chitsulo chomwe pisitoni imayendamo, ili ndi mabowo kuzungulira, pisitoni ikatsika mabowo aja amatseguka, bulowa n'kukankha mpweya watsopano umene umathamangitsa utsi kutulukira ku ma valavu a pa hedi. Anthu ambiri akaona bulowa amati ndi tebo (turbo) yongoonjezera mphamvu, ayi, popanda bulowa siingalire n'komwe. Ndiye poti imaphulitsa kawiri kuposa zinazi, ikamazungulira 2100 pa mphindi khutu limamva ngati ili pa 4200, a ku America mpaka anaipatsa dzina loti Screaming Jimmy. Makaniko wosaizolowera akangomva amati ikufuna kusweka pomwe mwini wake ali pa ntchito bwinobwino.

Dzina lakenso lili ndi tanthauzo, 4-71 ndiye kuti masilinda anayi, iliyonse ma cubic inch 71, zonse pamodzi pafupifupi malita 4.7. Ya 6-71 ndi pafupifupi malita 7. General Motors inayamba kuzipanga mu 1938, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika zinalowa m'maboti otsitsira asilikali pagombe ndi mu akasinja a Sherman a mtundu wa M4A2 momwe ankamanga ma 6-71 awiri pamodzi. A Soviet Union anakopera 4-71 ku Yaroslavl n'kuitcha YaAZ-204. Kenako kunabwera azing'ono ake, mtundu wa 53 mu 1957 ndi wa 92 mu 1974. Za pa msewu zinasiya kupangidwa cha mu 1995, osati poti zinali zofooka ayi koma malamulo a utsi ku America anazipanikiza. Chinthu chimene chapangidwa zaka zoposa makumi asanu osasintha kwenikweni maonekedwe, wina n'kungochizungulira kamodzi n'kunena kuti chakufa? Ayi ndakana.

Koma ndisadzitame, poti ine ndi amene ndinapha yanga. Nditayamba kuima pandekha ndinagula 3-71 pa okushoni ina, ndimafuna ndiziyendetsera makina owotcherera ndi macheka magetsi akathima. Madala aja anali atapita kumudzi, foni kunalibe. Ndinaitsuka, kusintha mafyuluta, n'kuthira oyilo wodula amene aliyense ankamutama, 15W-40, ndikudziona ngati ndaipatsa nyama ya nkhuku. Ndiye poti ntchito zanga zinali zazing'ono inkangokhala ikulira pang'onopang'ono tsiku lonse popanda katundu. Miyezi ingapo inayamba kulavula zakuda pa ekizozi, oyilo kumwa ngati chidakwa, m'mawa kuvuta kudzuka. Anzanga ku Ndirande amvekere tinakuuzatu, zachikale izi. Ndinakwiya, ndalama ya lendi inali itandipanikizanso, ndinaitana anyamata a sikelo, anaiphwanya ndi nyundo ndikuona, kirankishafiti yabwinobwino yonyezimira n'kuiponya pa mulu wa mbaula zakutha. Ndalama yake sinakwane n'kugulira matayala awiri. Patapita zaka ndipamene ndinapeza buku lake la sevisi kwa munthu wina n'kuwerenga, ndinazindikira kuti injini ija sinalakwe kanthu, wolakwa ndinali ine.

Nkhani ya oyilo ndi kudontha

Detroit ya two-stroke, ya maulendo awiri ija, imafuna oyilo wa giredi imodzi, SAE 40, wa phulusa lochepa losapitirira 1%, pa chigubu muyang'ane polembedwa CF-2. Osati SAE 40 aliyense amene mwamupeza pa msika, ndipo 15W-40 ayi ndithu. Maring'i ake amadutsa pa mabowo aja nthawi iliyonse pisitoni ikayenda, oyilo wa magiredi awiri sapirira pamenepo amapyapyala, ndipo phulusa likachuluka limakamatirira pa ma valavu ndi m'mabowo. Chachiwiri, injini imeneyi imadana ndi ulesi. Ikamangolira popanda katundu siitentha mokwanira, dizilo sapsa yense, n'kumatuluka ngati phala lakuda. Imafuna kuigwiritsa ntchito ngati bulu, madala aja ankati uziiyendetsa ngati wakwiya nayo.

Za kudonthazo ndiye zimandiseketsa. Makaniko wanuyo akanakhala kuti anaigwirapo akanadziwa kuti Detroit youma ndi imene ilibe oyilo. M'mbali mwa buloko muli timapaipi totulutsa zonyowa za mu air box, chipinda cha mpweya chozungulira masilivu, timayenera kudontha pang'ono, wina akatitseka poganiza kuti akuthandiza ndiye kuti zonsezo zizibwerera mu silinda. Sindikunena kuti kudontha kulikonse n'kwabwino ayi, koma kuweruza injini ndi maso poona oyilo kunja ndi ulesi wa makaniko basi. Ndipo ndinene mosapsatira, amakaniko ambiri a masiku ano chimene sakuchidziwa amachitcha chakufa. Sanena kuti bwana iyi sindiitha, amati tayani. Ena amakhala kuti agwirizana kale ndi wogulitsa injini ina ya sekandi handi ku Biwi, yopopera utoto watsopano kunja, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mnyamata wophunzira ndi kompyuta yolumikiza pa galimoto, mukamupatsa injini yopanda waya ndi mmodzi yemwe woti kuitchera kwake ndi sikuludiraiva, kageji ka injekita ndi khutu, amangoima. Ineyo sindimuda, palibe anamuphunzitsa, amene ankadziwa kutchera raki ambiri anapuma ntchito ena anatisiya. Koma asamaphe zinthu za eni ake.

Mbali inayo ndisaibise. Imamwa dizilo kuposa injini za masiku ano, ndipo ndi mmene mafuta amavutira muno nthawi zina, kugona pa mzere ndi zigubu, zimenezo si nthabwala. Imasokosa zedi, ngati nyumba ili pafupi mayi anu sakugonani. Masipeya alipo ndithu, akupangidwabe, koma pa shelefu muno n'zovuta kuwapeza, muyenera kuitanitsa ku Joni kapena ku America, ndiye nkhani ya ndalama zakunja mukuidziwa kale. Komanso kusintha injini pa jenereta si kungonyamula iyi n'kukhazikapo iyo ngati mmene makaniko wanuyo akunenera, pafunika belu hauzing'i (chitsulo cha kumbuyo cholumikizira injini ku jenereta) ndi fulaiwilo zogwirizana nambala ya SAE yosonyeza kukula kwake, miyendo yatsopano, rediyeta, ndi gavana woti agwire 1500 osasuntha chifukwa magetsi a kuno ndi a 50Hz. Injini ya lole ili ndi gavana wa pa msewu, mukaiika pa jenereta mababu azingophethira ndipo mota ya pampu mudzaiwotcha. Muonenso pa kachitsulo ka jeneretayo, zina zochokera ku America zinabwera zili za 1800 ndi 60Hz.

Ndiye chochita ndi ichi achimwene. Musailize. Yambani mwaizungulitsa ndi sipanala yaitali pa bawuti ya kutsogolo muone ngati sinagwire. Masulani timakava ta air box m'mbali, muunike ndi tochi, mudzaona mapisitoni ndi maring'i kudzera m'mabowo aja popanda kuchotsa hedi, ring'i yamoyo mukaikankha ndi sikuludiraiva imabwerera. Tsitsani oyilo muone ngati muli madzi kapena akununkha dizilo, akanunkha dizilo nthawi zambiri ndi timapaipi ta pansi pa kava. Chotsani kava ya pamwamba, raki iliyonse iziyenda mofewa ndi chala, yomata ichotsedwe. Kachitseko kadzidzidzi kayesedwe, ndipo tsiku loliza pakhale munthu ndi thabwa m'manja, osati nsanza, osati chikhatho. Ngati buloko, hedi ndi kirankishafiti zilibe mng'alu, konzani, kiti ya silivu, pisitoni ndi maring'i imalowa injini ili pomwepo. Ngati buloko inang'aluka kapena jeneretayo izigwira tsiku lililonse pa bizinesi yowerengera lita iliyonse, sinthani, koma yakaleyo mugulitse kwa munthu wofuna masipeya, bulowa yokha ndi ma injekita zingakupatseni zoposa za sikelo.

Munditumizire zithunzi za mkati mwa air box ndi nambala imene inadindidwa pa buloko, komanso mufufuze m'katundu wa malemu, anthu akale aja ankasunga mabuku a sevisi mu sutikesi limodzi ndi makalata a malo. Likapezeka musalipereke kwa makaniko aliyense, jambulitsani kaye.