Kupota mawaya a sipika: zimatheka, koma musasiyire pomwepo

Achimwene, mwafunsa ngati mukhoza kutalikitsa waya wa sipika pomupotera pa waya wina. Inde, mukhoza, ndipo mawu sasintha ngati mfundoyo yagwira bwino. Koma kungopota n'kukulunga tepi sindimakukhulupirira. Zimitsani kaye ampu (chokuzira mawu chomwe sipika imalumikizidwako), sendani masentimita awiri mbali zonse, potani zolimba, kenako wotchererani ndi soda (kachitsulo kosungunula komatira mawaya) kapena panikizani ndi kolumikizira mawaya. Tepi ibwere pomaliza.

Ndaona mfundo zongopota zikukhwepa waya akamakokedwakokedwa, mkuwa wake n'kuda chifukwa cha mpweya, sipika n'kuyamba kuthetheka kapena kudukizadukiza mawu. Choopsa kwambiri ndi kaulusi kamodzi ka waya wa + kakakhudza wa -: imeneyo ndi shoti, ndipo ikhoza kuwotcha ampu. N'chifukwa chake mfundo ziwirizo, ya + ndi ya -, musaziike moyandikana. Ina ikhale patsogolo pang'ono, iliyonse ndi tepi yakeyake. Tsatiraninso mzere kapena mtundu wa wayayo kuti + apite kwa +. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi sipapsa kanthu, koma besi imachepa.

Ngati cholinga chanu n'kupota mawaya a masipika awiri kuti alowe pamalo amodzi, chenjerani: awiri a 8 ohm (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi) amasanduka 4 ohm, awiri a 4 ohm amasanduka 2, zomwe maampu ambiri apanyumba sapirira. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa ampu yanu.

Ampu ikamadzizimitsa yokha, ikamanunkha kupsa, kapena ngati mawayawo adutse m'khoma pafupi ndi a magetsi, itanani katswiri.