Masiku atatu ku Leh, n'kukagonanso ku Pangong? Achemwali, tandimverani kaye

Achemwali, nditangowerenga zoti mwapeza masiku atatu okha a ku Leh, tauni ya m'mapiri a Ladakh kumpoto kwa India, ndipo usiku wachiwiri mukufuna mukagone kunyanja ya Pangong, mtima wangoti phwii, ndasiya ndi nsima yomwe pamoto kuti ndikuyankheni. Pulogalamu imeneyo ndi yomweyo ejenti wa maulendo anatigulitsa ife mu June 2023, ine ndi mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi kukoleji ku Punjab. Mtsikana wa ku Kasungu, wamphamvu zake, wosewera ntchemberembaye, wosadziwa n'komwe kuti chipatala chimanunkha bwanji. Anangotsala pang'ono kundisiya mu tenti m'mphepete mwa nyanja imeneyo.

Pa ndege kuchoka ku Delhi ndi ola limodzi ndi theka basi. Delhi ili pa mamita 200 ndi pang'ono pamwamba pa nyanja yamchere, Leh ili pa 3,500. Sapitwa wathu uja, amene anthu amamukwera modya masiku, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti mukamaponda pansi pabwalo la ndege mwapitirira kale nsonga ya Mulanje thupi lisanakonzeke. Mpweya umakhala wopepuka, okosijeni amene mumakoka pa kupuma kumodzi amachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kuipa kwake simumva kanthu maola oyambirira. Mumangoona kumwamba kuli mbee, mapiri ali gwa opanda ndi mtengo umodzi womwe, inu n'kumajambula zithunzi.

Akuluakulu a boma ku Leh amanena poyera kuti wobwera pa ndege apume maola 48 asanakwere kwina kulikonse. Ejenti wathu ankazidziwa bwino zimenezi. Ndinamufunsa ndi pakamwa pangapa, iye n'kuseka, amvekere inu a ku Africa ndinu olimba, ndinu othamanga, zopumazo n'za azungu okalamba. Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Madzulo a tsiku loyamba lomwelo anatikweza ku Leh Palace ndi ku Shanti Stupa, masitepe okhaokha, ife wefuwefu, tikumati mwina ndi kutopa kwa ulendo. Usiku mnzanga anati mutu ukumugunda, anamwa panado, chakudya anangochiyang'ana.

Kutacha tinanyamuka. Ulendo wa ku Pangong ndi wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo msewu umadutsa pampata wa Chang La, wopitirira mamita 5,300, pomwe mpweya umatsala theka la umene umapezeka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Pamenepo munthu sayenera kuchedwapo, koma dalaivala anatisiya pafupifupi ola lathunthu akumwa tiyi ndi anzake. Mnzanga anasanza kawiri kuseri kwa galimoto. Ndinapempha kuti tibwerere. Dalaivala anaimbira ejenti tisanataye netiweki, yankho n'kukhala loti ndalama sizibwezedwa, ndiponso kunyanja n'kotsika, akakhala bwino. Kotsika kwake ndi mamita opitirira 4,200!

Tinafika ku Spangmik dzuwa likupendeka. Cha m'ma 11 usiku ndinadzidzimuka ndi kapumidwe kake. Ankapuma ngati munthu amene akukoka madzi otsalira m'botolo ndi kapaipi, kuchifuwa kukumveka tchererere, kenako kachifuwa kouma kosatha. Kugona chagada samatha, ndinamutsamiritsa pa zikwama. Kunja mphepo ikuwomba tenti ngati ing'ambika, madzi m'botolo ayamba kuundana, jenereta anazimitsa kale, ine ndili ndi tochi ya pafoni yokha. Paja amati muziona ngati milomo yasanduka yabuluu. Pakhungu lathuli usiku simungaone zimenezo, achemwali. Ndinachita kumutsegula pakamwa n'kuunika nkhama ndi lilime, zinali zotuwa ngati phulusa, zikhadabo chimodzimodzi. Ndinamufunsa dzina la mayi ake, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyankha zosamveka. Atati adzuke apite kuchimbudzi anadzandira ngati woledzera n'kugwera pabedi panga.

Ndinathamanga opanda nsapato pamiyala yozizira kukagogoda pagalimoto pomwe dalaivala ankagona. Popereka ndalama anatilonjeza kuti mugalimoto mukhala silinda ya okosijeni, zinalembedwa ndithu pa WhatsApp. Atatsegula kumbuyo, munali kachitini kamodzi kopopera kukamwa, kaja amagulitsa pamsika ku Leh, kogwiritsidwa kale ntchito. Tinapopera kanayi, kanatha. Ndinatenga foni kuti ndiimbe, zii. Palibe anatiuza kuti simu zolipiriratu zogulidwa kunja kwa Ladakh sizigwira ntchito kumeneko, zimagwira ndi zolipira pamwezi, ndipo kunyanjako ngakhale zimenezo n'zamwayi. Dalaivala akuti usiku sayendetsa, tidikire kuche. Ndinagwada pamchenga paja, ine mwana wa mayi anga, kugwadira munthu amene tamulipira, ndikulira, ndikumuuza kuti mwana wa eni ake akafa ndikanena chiyani ku Kasungu.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachi Ladakh wophika pakampupo. Anatuluka atafunda bulangete, anabwera ndi kachipangizo koyezera okosijeni pachala, kanaonetsa 64. Sanafunse zambiri. Anamukalipira dalaivala m'chiyankhulo chawo mpaka anayatsa injini, anatipatsa botolo la madzi otentha kuti ndimuike pachifuwa. Tinayenda mumdima mpaka ku Tangtse, komwe kuli kachipatala, anamuika pa okosijeni mpaka kucha. Chomvetsa chisoni n'choti kuti mubwerere ku Leh podzera msewu umenewo muyenera kukweranso Chang La, ndiye wodwala uja mumayamba mwamukweza kaye musanamutsitse. Ku Leh anatiuza kuti madzi anali atayamba kudzadza m'mapapo, anagonekedwa masiku awiri, ndege yobwerera inatithawa, tikiti ina tinagula ndi ndalama ya fizi.

Ejenti uja sanabwere n'komwe kudzationa. Anangotumiza uthenga woti matendawa amagwira aliyense, si vuto la kampani. Aliyense? Si ndiwe unati ife sitidwala? Anthu amenewa amaona ophunzira akuda ngati opanda kodandaulira, amadziwa kuti mawa tikwera ndege ndipo sitidzabweranso. Sindimutchula muno, koma aliyense wokulonjezani Leh, mpata wa Khardung La ndi Pangong m'masiku atatu ndi m'bale wake wa ameneyo.

Ndiye ngati masiku ndi atatu omwewo, Pangong muiwale. Tsiku loyamba gonani, imwani madzi ambiri chifukwa kumeneko ndi chipululu, mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita 100 kapena chakumeneko, milomo imang'ambika, mphuno zimatuluka magazi. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa musakhudze. Tsiku lachiwiri yendani pang'onopang'ono mumsika, idyani thukpa ndi momo, aliyense mumpatse moni wa julley, amasangalala. Lachitatu pitani ku Thiksey, makilomita 19 kuchoka mutauni, m'mamawa amonke akupemphera, kenako ku Nimmu mukaone pomwe mtsinje wa Zanskar umathira mu Indus, madzi amitundu iwiri akuyenda limodzi osasakanikirana msanga. Zonsezi zili m'chigwa, simukwera kwambiri.

Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala za Diamox, mankhwala othandiza thupi kuzolowera malo okwera, musangogula pafamase chifukwa sayanjana ndi aliyense, ngakhale kunena zoona ife tikanangomwa mwina zonsezi sizikanachitika. Mukayezetsenso sickle cell. Ena mwa ife tili ndi kachibadwa kake osadziwa, ndipo pamalo okwera chonchi kapamba amatha kuvulala, ululu woopsa kumanzere kwa mimba. Kachipangizo ka pachala kagulani kanukanu, koma dziwani kuti pakhungu lakuda nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, choncho munthu akamadzandira kapena kuyankhula zosokonekera, tsikani naye, musadikire nambala. Ife a pasipoti yakunja timafunikanso kukhala ndi chilolezo chotchedwa Protected Area Permit kuti tifike ku Pangong kapena kuchigwa cha Nubra, ndipo chimatengedwa kudzera mwa ejenti wa ku Leh, ndiye ejenti simungamuthawe. Silinda muione ndi maso anu, muitsegule, mumve ikutulutsa mpweya musanakwere galimoto.

Komabe achemwali, ndinganame nditati musadzaione nyanja ija. Ola limodzi lija tisanalowe mu tenti, madzi anasintha mtundu katatu ndikuona, kuchoka kobiriwira kufika buluu wakuda bii, mapiri ofiirira mbali zonse, popanda bwato, popanda msodzi, chete amene sindinamumvepo kwina kulikonse. Ndi yaitali makilomita 134, mbali yaikulu ili ku Tibet, madzi ake ndi amchere koma nyengo yozizira imaundana yonse. Ndinakulira ku Salima, nyanja ndimaidziwa, koma ija ndi ina. Ngati mungapemphe masiku ena atatu kuntchito, pitani, ndipo mukagone komweko usiku umodzi kuti mudzaione m'mawa, poti ine m'mawa wake ndinauonera pawindo la chipatala. Tumizeni pulogalamu imene akupatsaniyo ku inbox ndiione musanalipire dipoziti.