Kodi "fire" ndi moto, kuwombera kapena kuchotsa ntchito?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ku pulayimale ku Dedza. Akuti ana a m'kalasi mwake anaona mutu wa nkhani wakuti "Manager fired", ndipo wina anati bwanayo wawotchedwa, wina anati wawomberedwa. Nanga zoona ndi ziti?

Mayi, ana onsewo anaphonya, komabe musawakalipire, chifukwa liwuli lili ndi matanthauzo onse atatu. Tanthauzo loyambirira ndi moto. La mfuti linabwera chifukwa mfuti zakale zinkalira munthu akayatsa onga. Amene anaonako gogodela wa agogo, wothira onga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo, adziwa kuti mfuti ndi moto n'zapachibale. Tanthauzo la kuchotsa ntchito ndi la pambuyo, linafala ku America cha m'ma 1880. Pamutu wa nkhani uja, bwanayo wachotsedwa ntchito basi, ali moyo ndithu.

Ife pa Chichewa moto sitiulowetsamo. Timati msilikali wawomba mfuti, kapena wawombera munthu. Kachidutswa ka "-era" n'kamene kakuonetsa amene chipolopolo chalunjika. Muwachenjezenso anawo kuti "anamuwombera m'manja" ndi ulemu, pamene "anamuwombera" payekha ndi maliro kapena chipatala.

Pamene ndikufuna mutsindike kwambiri ndi pa nkhani ya ntchito, chifukwa apa m'pamene olemba nkhani ambiri amalakwira anthu. Kuchotsedwa ntchito ndiye kuti abwana akuthamangitsa, zatha. Kuimitsidwa n'kwina: munthu wauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba pamene nkhani yake ikufufuzidwa, ndipo akhoza kubwerera. Amene watula pansi udindo wachoka yekha. Wopuma pa ntchito zaka zake zakwana, ndipo timamuthokoza. Palinso amene ntchito yawathera chifukwa kampani yachepetsa antchito, osalakwa kanthu. Mukalemba kuti "wachotsedwa" za munthu amene wangoimitsidwa, mwamuipitsira mbiri kumudzi ndi kutchalitchi komwe, ndipo zimenezi zimandiwawa ndikaziona. Ngakhale lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, ndiponso kuti woganiziridwa kulakwa apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Wochotsedwa mopanda chilungamo amakadandaula ku khoti loona nkhani za ntchito, la Industrial Relations Court.

Pocheza mudzamva kuti "amuonetsa msana wa njira". Ndi Chichewa chokoma, chimakhala bwino ponena za kochi wa timu imene yakhala ikugonja. Koma m'kalata ya ku ofesi lembani "mwachotsedwa ntchito", ndipo kwa mnansi amene zamugwera, ingonenani kuti "tamva kuti ntchito yatha, pepani". Mfumu yokha sitiichotsa ntchito ayi, timati aivula ufumu.

Mawa m'kalasi, lembani pa bolodi ziganizo zitatu za Chingerezi, chimodzi cha moto wa kukhitchini, china cha msilikali, china cha bwana uja, anawo apeze okha mneni wa Chichewa woyenera pa chilichonse.