Nkhono ingathe bwanji pomwe kudimba zimatisowetsa mtendere?

Mwandilembera pa imelo kuti: "Dzinja likangoyamba, nkhono zimandithera ndiwo kudimba. Ndiye akamati mtundu wina wa nkhono watha padziko, zimatheka bwanji?"

Zimatheka, ndipo m'nkhaniyi muli mbale wake wa nkhono ya kudimba kwanuyo. Nkhono yaikulu ya kum'mawa kwa Africa imaikira mazira mazanamazana. Koma Partula, kankhono ka m'mitengo ka pazilumba za French Polynesia m'nyanja ya Pacific, n'kongofanana ndi chikhadabo kukula kwake, ndipo kamabereka kamwana kamoyo kamodzikamodzi. Kamadya zomera zowola, mbewu sikakhudza.

Mu 1967 anthu anapititsa nkhono ya ku Africa ku Tahiti, chimodzi mwa zilumbazi, kuti azidya, koma inafalikira m'minda. Pofuna kuthana nayo, akuluakulu anakatenga Euglandina rosea, nkhono yodya zinzake yochokera ku Florida, n'kuitaya ku Tahiti mu 1974 ndi pachilumba cha Moorea mu 1977. Apa ndiye panalakwika. Euglandina imasaka ponunkhiza kanjira konanda komwe nkhono ina yasiya, imakwera mumtengo, ndipo ikapeza kakang'ono imakameza ndi chigoba chomwe. Ingavutikirenji ndi chinkhono cha ku Africa pomwe Partula ali pompo? Pofika 1987, ofufuza sankapezanso Partula kutchire ku Moorea.

Mitundu ina ya Partula anaipulumutsira kumalo osungirako nyama. Kumeneko amazisunga m'mabokosi agalasi okutidwa ndi pulasitiki, pansi atayala pepala lonyowa, kutentha kusapitirire madigiri 24. Chakudya ndi phala la oats losakaniza ndi chakudya cha nsomba komanso fupa logaya la cuttlefish (nyama ya m'nyanja), lolimbitsa chigoba. Vuto n'lakuti mtundu wonse ukakhala m'chipinda chimodzi, nthenda imodzi imausesa. Ndi zomwe zinagwera Partula turgida ya pachilumba cha Raiatea ku London Zoo: zinalipo pafupifupi 300, n'kuyamba kufa pang'onopang'ono mpaka yomaliza inafa pa 1 January 1996. Atazing'amba anapeza kachilombo ka Steinhausia katawononga m'mimba.

Kuyambira 2015 akhala akubwezera Partula kutchire, ndipo m'zaka zaposachedwa iliyonse amaidontheza kadontho ka penti yowala ikawunikidwa ndi tochi yapadera ya UV. Mu 2024 ku Moorea anapeza Partula tohiveana zazikulu zopanda kadonthoko, kusonyeza kuti zinabadwira komweko.

Za kudimba kwanu, zitoleni ndi manja madzulo kapena m'mamawa, ndipo muchotse milu ya zinyalala momwe zimabisala masana.