Compass ikungozungulira mukakhala pa hotspot, vuto si password

Lachiwiri ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Ndirande. Akuti akupanga ka system kosunga stock ya shopu ya azakhali awo ku Limbe ndipo data yonse aiika pa MongoDB Atlas, database ya pa intaneti, pa cluster (gulu la ma server) yaulere yotchedwa M0, ndipo amailumikiza ndi Compass, pulogalamu ya pa laputopu yoonera data imeneyo. Funso lawo ndi ili: "Ku ofesi pa wifi Compass imalowa bhobho, koma ndikafika kunyumba ndikayatsa hotspot ya foni imangozungulira kenako kumabwera error ya server selection timed out. Password ndasintha katatu. Kodi ndifufute cluster ndiyambirenso?"

Ayi achimwene, musafufute kanthu, cluster yanu ilibe mlandu. Ndipo password isiyeni kaye, mwaizunza mokwanira.

Chinthu choyamba, muziwerenga error yonse mpaka kumapeto. Password ikakhala yolakwika Atlas sichedwa, imakuyankhani pompo kuti bad auth, authentication failed, kutanthauza kuti mwafika pakhomo koma kiyi ndi wolakwika. Koma yanuyi ikuti timed out, ndipo mukayang'anitsitsa pali nambala 30000 ms, ndiye kuti Compass yadikira masekondi 30 osayankhidwa ndi aliyense. Simunafike ndi pakhomo pomwe, mlonda wakubwezerani pa geti.

Mlondayo dzina lake ndi IP Access List. Atlas imalola kulowa ma IP (ma adiresi a pa intaneti) okhawo amene munawalemba pansi pa Network Access, ena onse imangowanyalanyaza osanena chilichonse. Tsiku lija munkapanga cluster muli ku ofesi munadina Add Current IP Address, ndiye inalemba IP ya wifi yaku ofesi basi. Mukafika ku Ndirande ndi data ya pa foni mwabwera ndi IP ina, sikudziwani. Ndiye apa pali kankhani kena kovutitsa, IP ya data ya pa foni, kaya ndi Airtel kaya TNM, sikhazikika, mumagawana ndi anthu ambirimbiri ndipo imatha kusintha mukangozimitsa data nkuyatsanso kapena foni ikatha moto magetsi atazima, ndiye mutha kuilemba lero madzulo zinthu nkuyenda, mawa m'mawa yabwereranso kuzungulira inu nkumati mwina mwalodzedwa.

Chochita chake nchosavuta. Muli pa hotspot yomweyo, lowani pa webusaiti ya Atlas, pitani pa Network Access, dinani Add Current IP Address, dikirani pang'ono ilembe kuti Active, kenako yesaninso Compass. Musakopere IP imene laputopu ikukuonetsani ndi ipconfig, ija yoyamba ndi 192.168, imeneyo ndi ya m'nyumba mwanu pakati pa foni ndi laputopu, Atlas siiona.

Ndikudziwa wina akuuzani kuti ingoikani 0.0.0.0/0 nkhani ithe. Zoona imatheradi, chifukwa pamenepo mwachotsa mlonda ndipo aliyense pa dziko lapansi atha kufika pakhomo nkumayesa ma kiyi ake. Ine ngati ndikungoyeserera ndi data yabodza ndimaika ndithu, sindinama, koma ndimachonga kuti ikhale ya kanthawi, Atlas imakupatsani kusankha maola 6, tsiku limodzi kapena sabata imodzi kenako imadzifufuta yokha. Koma mwanumo muli mitengo ya katundu wa azakhali ndi mayina a anthu otenga pa ngongole, ndiye kusiya chotsegula mpaka kalekale ndi password ngati limbe2024 ine sindingakulimbikitseni. System ikadzatha nkuiika pa server yokhala ndi IP yokhazikika, mudzalembe IP ya server imeneyo yokha.

Tsopano mukakonza za IP koma ikukanabe, yang'anani ngati mu error muli mawu oti querySrv. Imeneyo ndi nkhani ya DNS, imene imauza kompyuta adiresi ya server mukaipatsa dzina. Connection string, mzere umene Atlas imapereka kuti muike mu Compass, imayamba ndi mongodb+srv:// ndipo ka +srv kameneka kakutanthauza kuti kompyuta yanu iyambe yafunsa DNS kuti ma server enieni ali kuti, paja ngakhale cluster yaulere imakhala ndi ma server atatu osunga data yofanana. Ma router ndi ma hotspot ena funso la mtundu umenewu amalilephera ngakhale Facebook ndi WhatsApp zikutseguka bwinobwino. Sinthani DNS ya laputopu muike 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Zikakanika pamenepo gwiritsani ntchito string yaitali yopanda +srv imene imatchula ma server onse atatu mayina awo, iliyonse ndi port 27017. Port imeneyinso ma network ena a m'maofesi ndi m'masukulu amaitseka, koma kwa inu si vuto poti ku ofesi ikulowa kale.

Za password ndinene pang'ono poti mwaisintha katatu, mwina mwadzipangira vuto lachiwiri osadziwa. Imelo ndi password zimene mumalowera pa webusaiti ya Atlas sizimene Compass ikufuna, iyo ikufuna user amene munapanga pansi pa Database Access. Ndipo password ikakhala ndi zizindikiro ngati @ kapena # kapena / simungaiike choncho mu string. Ine zinandionekera chaka china, ndinagona mochedwa ndikutukwana laputopu bundle ikungotha, kumapeto nkupeza kuti password yanga inali ndi @ pakati ndiye string imasokonezeka kuti password yathera pati ndipo dzina la server layambira pati. @ amalembedwa %40, # ndi %23, / ndi %2F. Kapena ingodinani Autogenerate Secure Password muisunge pabwino, mutu usapweteke. Komanso timabulaketi tosongoka tija tozungulira mawu oti password mu string muzichotsa, anthu ambiri amatisiya.

Mwati mukulemba ndi Node.js, ndiye string yomwe yagwira mu Compass ndi yomweyo muika mu app, koma chonde isakhale mu code. Iikeni mu fayilo ya .env ndipo .env ilembedwe mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo osayenera kutumizidwa, musanapange push ku GitHub, chifukwa string imeneyi ili ndi user ndi password zonse pamodzi. Ngati munaikankha kale, kuifufuta sikuthandiza poti imatsala mu history, apo ndiye sinthanidi password kachinayi. Pangani connection kamodzi app ikamayamba osati pa request iliyonse, M0 imalola ma connection 500 okha ndi malo a 512 MB, zomwe kwa shopu imodzi ya ku Limbe ndi zokwanira bola musamaikemo zithunzi za katundu.

Yesani za IP zija madzulo ano, ikakanabe nditumizireni screenshot ya error yonse koma password muibise kaye.