Bwato lili pamadzi, ankaliyeza bwanji kulemera?

Wowerenga wina, dalaivala wa mathiraki amene amati sikelo ya pamsewu inamutopetsa, wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti kale ku America ankayezanso maboti pasikelo kuti alipire msonkho, ndiye akufunsa: chinthu choyandama mungachiyeze bwanji?

Achimwene, munamva zoona, ndipo malo ake alipobe mumzinda wa Syracuse, m'chigawo cha New York.

Nkhani yake ndi ya ngalande ya Erie, yomwe anayamba kukumba mu 1817 n'kuitsegula mu 1825. Inkalumikiza mtsinje wa Hudson ku Albany ndi nyanja ya Erie ku Buffalo, mtunda wa makilomita 584. Popeza nyanjayo ili pamtunda kuposa mtsinjewo ndi mamita pafupifupi 170, anamanga ma lock 83, zipinda zamadzi zokhala ndi zitseko mbali zonse ziwiri. Bwato likalowa, amatseka, n'kudzaza kapena kuchepetsa madzi mpaka afanane ndi akutsogolo. Nyulu ndi akavalo ndiwo ankakoka mabotiwo, akuyenda m'mbali mwa ngalande.

Ntchito yonseyi inadya madola pafupifupi 7 miliyoni, ndipo boma linkabweza ndalamayo podula msonkho potengera mtundu wa katundu, kulemera kwake ndi mtunda womwe wayenda. Mtunda sunkavuta, mtundu wa katundu umaoneka ndi maso. Kulemera ndiko kunali pa mkangano.

Poyamba anayesa kuwerengetsera madzi amene bwato lakankha m'chipinda. Kenako anabweretsa sikelo yeniyeni. Bwato linkalowa m'chipinda chapadera, zitseko n'kutsekedwa, madzi onse n'kutulutsidwa. Likatsika linkakhazikika pa chithandala chamatabwa cholumikizidwa ku mkono wa sikelo, woyeza n'kuwerenga. Akatha, madzi ankabwezeretsedwa, bwato n'kuyandamanso. Ndiye yankho lalifupi n'lakuti sankaliyeza likuyandama ayi, ankayamba alichotsera madzi.

Koma ine chimene chimandisangalatsa si makinawo. Sikelo inkapereka kulemera kwa bwato ndi katundu pamodzi, pomwe msonkho unali wa katundu. Choncho bwato lililonse linkayezedwa kaye lili lopanda kanthu, nambala yake n'kulembedwa m'kaundula, kuti tsiku lina adzachotsere. Apa ndi pomwe panali mpata wa ukathyali. Mwini bwato akabisa zinthu zolemera pa tsiku loyeza lopanda kanthu, ndiye kuti ulendo uliwonse wotsatira katundu wina adutsa ulele. Ngakhale popanda wakuba, thabwa limamwa madzi n'kumalemera, kukonza bwato kumasinthanso kulemera, motero nambala ya m'kaundula inkafunika kuyezedwanso pakapita nthawi. Inu a mathiraki mukudziwa kuti mkangano wa katundu umayambira pa kulemera kwa galimoto yopanda kanthu.

Ku Britain ngalande zambiri zinasankha njira yotchipa. Ankaika zitsulo zodziwika kulemera m'bwato latsopano pang'onopang'ono, n'kumalemba mmene likumirira. Wotolera msonkho ankangoyeza ndi ndodo mbali ya bwato yotsala pamwamba pa madzi, n'kuyang'ana m'buku. Kwa ine njira iyi ndi yanzeru kuposa, chifukwa madziwo ndiwo amasanduka sikelo, komanso bwato silipanikizika pokhala pouma litasenza katundu.

Nyumba yoyezera ya ku Syracuse inamangidwa mu 1850. Ntchito yake inatha mu 1883, boma la New York litathetsa msonkho pangalandepo pofuna kulimbana ndi sitima zapamtunda zomwe zinkalanda katundu. Pa nyumba zoyezera za ngalandeyo, ndi yokhayo yotsala, ndipo kuyambira mu 1962 ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Erie Canal Museum. Ngalande ya pakhomo pake anaikwirira, pano ndi msewu wa Erie Boulevard.